Chisoni Chobisala M'kati mwa Phokoso

Pa sukulu zogonera konko za m'boma la Rumphi, monganso kwina kulikonse, mphunzitsi woyang'anira ana usiku sachedwa kuzindikira ana a mitundu iwiri. Wina ndi wolongolola, amene salola anzake kugona. Winayo ndi wodzipatula, amene amangokhala duu pakona, nsima osaikhudza. Woyambayo amalandira chibalo, wachiwiriyo amafunsidwa ngati kumudzi kwagwa zovuta. Koma alipo mwana wachitatu amene aphunzitsi ambiri samuzindikira, popeza kunja amaoneka ngati woyamba uja pamene mumtima mwake muli za wachiwiri. Mwa ana atatuwa, amene moyo wake uli pangozi yaikulu ndi wachitatuyu.

Mwana wotere angachokere ku Bolero, ku Mhuju, ku Katowo kapena kumapiri a Phoka, ndipo nkhani yake kawirikawiri imayenda motere. Mnyamata wa Fomu 4, wodziwika ndi khalidwe labwino, ayamba kudzuka pakati pa usiku nkumawerenga mokweza. Pakutha pa sabata akugona maola awiri okha koma m'mawa sakuoneka wotopa. Akulankhula mothamanga, nkhani ina isanathe wayamba ina. Akutsutsa mphunzitsi wa masamu pamaso pa anzake, wagawa nsapato ndi bulangeti lake, ndipo akulonjeza kuti akadzakhoza mayeso adzamanga fakitale ya khofi yolemba ntchito boma lonse. Anzake akuseka. Tsono tsiku lina, ali m'kati mwa kulongolola komweko, misozi iyamba kutsika. Akunena kuti iye ndi wachabechabe, kuti wadya ndalama za fodya za bambo ake popanda phindu, kuti kukadakhala bwino akadafa. Patapita mphindi zochepa wayambiranso za fakitale ija, akuzungulirazungulira m'chipinda osakhala pansi. Omuona amati akuchita sewero. Ena amati misala ija yayamba kuphwa, popeza tsopano wayamba kumva chisoni. Onsewa alakwa, ndipo kulakwa kwawo kungathe kutayitsa moyo.

Matendawa madokotala amawatcha bipolar, ndipo kale ankawatcha manic depression. Ndi matenda a ubongo amene amasinthasintha mtima ndi mphamvu za munthu kupyola muyeso. Pali nyengo yokwera, yotchedwa mania, imene munthu amakhala wosangalala kapena waukali kwambiri, wosafuna tulo, wodzitama, wolankhula kosalekeza ndi womwaza chuma. Kuti achipatala aitche mania, imayenera kukhala sabata yathunthu, kapena kukula kufikira poti munthu agonekedwe m'chipatala. Palinso nyengo yotsika, imene munthu yemweyo amalefuka, kutaya mtima, ndi kusakondwa ndi zinthu zonse zimene ankazikonda. Pakati pa nyengo ziwirizi munthu angathe kukhala bwinobwino miyezi kapena zaka, akugwira ntchito ndi kulera ana. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni anali ndi matendawa. Kawirikawiri amayamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 15 ndi 25, ndiye kuti msinkhu weniweni wa ana a sekondale ndi achinyamata ongomaliza kumene sukulu. Amayendanso m'magazi, kotero kuti pofufuza bwino pamapezeka malume kapena agogo amene adadwalapo mofananamo.

Ambiri amene adamvapo za matendawa amaganiza kuti nyengo ziwirizi zimasinthana mwadongosolo monga dzinja ndi chilimwe, ina ikatha ina nkuyamba. Nthawi zina zimaterodi. Koma aliyense wokhala m'chigwa cha Henga adaonapo mvula ikugwa dzuwa lili phwee, ndipo matendawa nawonso amatero.

Zimenezi sizidadziwike lero. M'chaka cha 1899 dokotala wa ku Germany, Emil Kraepelin, pamodzi ndi womuthandiza wake Wilhelm Weygandt, adalemba za odwala amene zizindikiro za nyengo zonse ziwiri zinkaoneka mwa iwo pa nthawi imodzi. Kufotokoza kwa Kraepelin nkosavuta kumva. Iye adati mwa munthu muli zinthu zitatu: mmene mtima ukumvera, liwiro la maganizo, ndi mphamvu zochitira zinthu. Pa mania yeniyeni zonse zitatu zimakwera pamodzi, ndipo pa nyengo yotsika zonse zitatu zimatsika pamodzi. Koma palibe chingwe chozimanga kuti ziziyenda limodzi masiku onse. Mtima ungathe kutsika pamene maganizo akuthamanga ndipo thupi lili ndi mphamvu zosaneneka. Pofika mu 1913 Kraepelin anali atafotokoza mitundu isanu ndi umodzi ya kusakanikirana kotereku. Mnyamata wa Fomu 4 uja ali pa umodzi mwa mitunduyi: miyendo ndi lilime zili pa mania, mtima uli kumanda.

Kwa zaka zambiri madokotala eni ake adavutika kugwirizana za malire a nkhaniyi. Buku la madokotala a ku America lofotokoza matenda a maganizo, lotchedwa DSM, m'kusindikiza kwake kwa 1994 lidalamula kuti munthu atchedwe wosakanikirana pokhapokha ali ndi zizindikiro zokwanira za nyengo zonse ziwiri kwa sabata yathunthu. Muyeso umenewu udali wokhwima kwambiri, ndipo odwala ambiri ankatsalira kunja. Mu 2013 udasinthidwa. Tsopano nkokwanira kuti munthu amene ali pa mania aonetse zizindikiro zitatu za nyengo yotsika pa masiku ambiri a kudwala kwakeko. Zizindikirozo ndi chisoni kapena kuwawidwa mtima, kusakondwa ndi kanthu, kufooka kwa thupi, kuchita zinthu mochedwa koonekera kwa ena, kudziona wachabe kapena kudziimba mlandu, ndiponso kuganiza za imfa mobwerezabwereza. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti zimenezi sizachilendo ayi: mwa odwala atatu kapena anayi amene ali pa mania, mmodzi amakhala wotere. Zimaoneka kwambiri mwa amayi ndiponso mwa amene matendawa adawayamba ali aang'ono.

Ngozi yake ili apa. Munthu amene ali pa nyengo yotsika yokha angathe kulakalaka imfa, koma kulefuka komweko nthawi zambiri kumamumanga manja. Ngakhale kudzuka pamphasa kumamukanika. Amene ali pa mania yokha ali ndi mphamvu zochuluka, koma amadziona ngati mfumu ndipo za imfa saziganiza kwenikweni. Wosakanikirana uja ali ndi zonse ziwiri, kutaya mtima kwa woyambayo ndi mphamvu za wachiwiriyo. Onjezanipo kusagona kwa masiku ambiri, kupsa mtima msanga, ndi kuchita zinthu asanaganize. Chimene chamubwerera m'mutu nthawi ya 2 koloko usiku angathe kuchichita isanakwane 3 koloko, anzake onse ali m'tulo. Nchifukwa chake madokotala amaiwerengera nyengo imeneyi pakati pa nyengo zoopsa koposa pa nkhani ya kudzipha. Odwala amene adachira amafotokoza kuti ndi nyengo yowawa kuposa zina zonse, pakuti maganizo amathamanga usana ndi usiku koma onse ndi oipa okhaokha, ndipo palibe pothawira.

Tsono nchifukwa chiyani makolo ndi aphunzitsi, anthu okonda mwanayo, amalephera kuona zimenezi? Chifukwa chachikulu nchakuti mayankho okonzakonza alipo kale ambiri, ndipo lililonse lili ndi kachoonadi kake.

Loyamba ndi chamba. Mnyamata akangoyamba kulankhula zosamveka, mudzi wonse umagamula kuti wasuta. Nzoona kuti chamba ndi kachasu zingathe kudzutsa matendawa ndi kuwakulitsa, ndipo wodwala aliyense ayenera kuzitalikira. Koma kawirikawiri ndondomeko yake imakhala yotembenuka: matenda ndiwo amayamba, ndipo mnyamata amene wakhala masiku asanu osagona amathamangira mowa kapena chamba pofuna kuziziritsa mutu. Ngakhale atasutadi, mawu ake onena za imfa sachepa mphamvu chifukwa cha utsiwo. Yankho lina, lokondedwa kwambiri m'boma lonyadira sukulu monga la Rumphi, nlakuti mwana wapenga ndi mabuku. Mabuku sapengetsa munthu. Chimene chimavulaza ndi kuchezera usiku wonse pokonzekera mayeso a MSCE, pakuti kusowa tulo ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zimene zimadzutsa mania mwa munthu amene ali nayo kale m'magazi. Mphunzitsi woyamikira mwana amene akuwerenga mpaka tambala woyamba, sabata ndi sabata, ayenera kuyamba wafunsa ngati mwanayo akudzikakamiza kukhala maso kapena tulo tamuthawa tokha.

Kwa akuluakulu chobisa matendawa ndi nyengo ya msika wa fodya. Alimi a ku Nkhamanga ndi ku Hewe akagulitsa fodya wawo ku Mzuzu, si zachilendo kuona bambo akugula wailesi ziwiri tsiku limodzi ndi kumwetsa anthu osawadziwa. Pakati pa anthu otere, ambiri angokondwa ndi ndalama. Koma wina sagona, wayamba mikangano ndi aliyense, ndipo usiku amauza mkazi wake akulira kuti ana adzawalere bwino iye akapita. Mayiyo akakafotokoza kwa abale amauzidwa kuti ndi mowa chabe, ndalama zikatha asiya.

Palinso nkhani ya mizimu ndi ufiti, imene iyenera kukambidwa mwaulemu. Rumphi ndi kwawo kwa vimbuza, gule wochiritsa wa Atumbuka amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Ndi kwawonso kwa nchimi Chikanga, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1960 ankakoka makamu a anthu ochokera ngakhale ku Tanganyika ndi ku Northern Rhodesia. Nzosadabwitsa tsono kuti banja likaona mwana akuseka ndi kulira nthawi imodzi limayamba laganiza za ng'oma. Anthu ambiri osautsidwa mumtima apezapo chitonthozo pa bwalo la vimbuza, pamene abale onse amasonkhana chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo zimenezo nzosanyozeka. Koma ng'oma zochezera usiku wonse zimalanda wodwala mania chinthu chimene akuchisowa koposa, ndicho tulo. Ndipo masabata amene banja likudikira kuti lione ngati mizimu yatuluka ndi masabata omwewo amene ngozi ili pachimake. Pakadafunda padajiwitsa galu. Banja lofuna kutsata mwambo lingathe kutero pambuyo pake, wodwala ataonedwa ndi achipatala ndipo atayamba kugona.

Kufika kuchipatala nako si kutha kwa nkhani. Pali cholakwa china chimene chingachitike m'chipinda cha dokotala momwemo, ndipo operekeza wodwala ndiwo angachiletse. Wodwala wosakanikirana akafunsidwa chimene chikumuvuta amanena za chisoni, popeza ndicho chikumupweteka. Za kusagona, kumwaza katundu ndi kudzitama sazitchula, chifukwa iye saziona ngati matenda. Wachipatala amene ali ndi mzere wautali panja akangomva za chisoni chokha angathe kupereka mankhwala a nyengo yotsika, monga amitriptyline kapena fluoxetine. Mankhwalawa ndi abwino kwa amene akuwayenera, koma kwa munthu wa bipolar, akaperekedwa okha, angathe kukoleza mania ndi kuonjezera kusakhazikika kuja. Kungachitikenso mwa njira inayo: abale otopa ndi phokoso amafotokoza za ukali ndi kusokoneza kokha, wodwala nkulandira jekeseni yomugonetsa, osafunsidwa nkomwe ngati akuganiza zodzipha. Motero woperekeza ayenera kunena mbali zonse ziwiri, ngakhale asanafunsidwe: wagona maola angati pa sabata yapitayi, wagawa kapena kugula chiyani, walira kangati, wanena mawu otani okhudza imfa, ndiponso ngati alipo wachibale amene adadwalapo chotere. Mphunzitsi amene walemba zimenezi pa pepala limodzi, ndi masiku ake, wathandiza dokotala kuposa amene wangoti mwanayu wasokonezeka mutu.

Mankhwala oyenera alipo. Ena ndi oziziritsa mania msanga, monga haloperidol, chlorpromazine, risperidone ndi olanzapine. Ena ndi okhazikitsa mtima kwa nthawi yaitali. Mwa amenewa muli sodium valproate ndi carbamazepine, amene anthu ambiri amawadziwa ngati mankhwala a khunyu, kotero banja lisadabwe kapena kuganiza kuti achipatala asokoneza. Koma ali ndi malamulo ake. Valproate amavulaza mwana wosabadwa, choncho mtsikana kapena mayi amene angathe kutenga pathupi ayenera kukambirana ndi dokotala mosabisa. Carbamazepine amafooketsa njira zina zolera ndiponso mankhwala ena a ma ARV, motero womwa mankhwala amenewo anene poyambirira. Palinso lithium, amene mphamvu yake pa mania idaonetsedwa ndi dokotala wa ku Australia, John Cade, mu 1949, ndipo amadziwika kuti amachepetsa ngozi ya kudzipha. Vuto lake nlakuti amafuna kupimitsa magazi kawirikawiri, chinthu chovuta kwa munthu wa ku Tcharo amene ulendo wake wa kuchipatala chachikulu umayambira pa boti. Kusankha pakati pa mankhwalawa ndi ntchito ya achipatala, amenenso amayamba apima ngati kusokonezekako sikukuchokera ku malungo a mu ubongo, ku HIV, ku chithokomiro kapena ku mankhwala ena amene munthuyo akumwa.

Kale thandizo lotere linali kutali zedi. Malo osungirako odwala misala ku Zomba adayamba mu 1910 ngati mbali ya ndende, ndipo chipatala chake chenicheni chidatsegulidwa mu 1953. Munthu wa ku Rumphi ankayenera kutengedwa ulendo wa makilomita oposa 600, kukasiyidwa pakati pa anthu osalankhula Chitumbuka, abale osatha kukamuona. Mantha amene anthu akumpoto ali nawo pa dzina la Zomba adachokera kumeneko, ndipo ndi omveka. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 a St John of God akhala akuthandiza odwala matenda a maganizo mu mzinda wa Mzuzu, pafupifupi makilomita 70 kuchokera pa boma la Rumphi, ndipo ali ndi koleji yophunzitsa anamwino ndi madokotala aang'ono a matendawa. Poyambira pake ndi chipatala chapafupi, kaya ku Bolero, ku Mhuju, ku Katowo, pa David Gordon Memorial ku Livingstonia, kapena pa chipatala chachikulu cha pa boma, ndipo iwo ndiwo amatumiza wodwala patsogolo ngati nkofunika. Nalo lamulo lasintha: mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la umoyo wa maganizo m'malo mwa lija la atsamunda la 1948. Lamulo lokha silifupikitsa msewu wa ku Hewe kapena kudzaza mashelefu a mankhwala, ndipo akuluakulu a zaumoyo m'bomali ayenera kuonetsetsa kuti wodwala amene wayamba mankhwala asawasiye pakati chifukwa choti atha. Kusiya mwadzidzidzi ndiko kumabweza matenda.

Pa maola a pakati pa kuzindikira ndi kufika kuchipatala, zofunika kuchita nzochepa koma nzosati nkuzengereza. Wodwala asasiyidwe yekha, makamaka usiku ndi mbandakucha. Mankhwala ophera tizilombo m'fodya ndi m'nkhokwe, amene amapezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse ya mlimi, achotsedwe ndi kutsekeredwa kwa mnansi, pamodzi ndi mapiritsi onse a m'nyumbamo. Munthu mmodzi amene wodwalayo amamukhulupirira amufunse poyera, ndi mawu ofatsa, ngati akuganiza zodzipha. Ambiri amaopa kuti funso lotere limadzala maganizo oipa, koma ofufuza adapeza kuti silitero, ndipo nthawi zambiri wodwala amapepukidwa kuti wina wamva. Kukangana naye za fakitale yake nkutaya nthawi. Kumumanga ndi zingwe, kumukwapula kapena kumuunjikira gulu la anthu kumangoonjezera mantha ndi ukali, ndiponso kumatsimikizira chimene mtima wake ukumuuza kale, kuti iye ndi chinthu chachabe.

Mawu otsala ndi a kwa akuluakulu a sukulu. Mwana amene watukwana mphunzitsi, kuswa zenera kapena kutuluka pa mpanda usiku amaitanidwa ku komiti yosungitsa mwambo, ndipo chilango chake chimadziwika. Mwambo pa sukulu ngofunika, ndipo si mwana aliyense wamwano amene akudwala. Koma komiti isanalembe kalata yochotsa mwana amene kwa zaka zitatu analibe mlandu ndi umodzi womwe, ndipo wasintha m'masabata awiri okha, iyenera kufunsa anzake ogona naye chipinda chimodzi mafunso awiri: kodi akugona, nanga kodi adamumvapo akulira kapena kunena za imfa? Ana anzake amadziwa zimenezi kale aphunzitsi asanadziwe, koma amaopa kuoneka ngati akazitape. Kukweza mwana wotere basi yekha, kalata yomuchotsa ili m'thumba, kuti akafotokoze yekha kwa bambo amene adagulitsa fodya kuti amulipirire fizi, ndi chinthu choopsa kuposa china chilichonse chimene sukulu ingachite. Makolo aitanidwe adzamutenge, kapena mphunzitsi amuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo.

Akachira, malo ake pa sukulu akhale akumudikira. Nyengo ya mania imatha, ndipo ndi mankhwala imatha msanga. Pambuyo pake pamabwera manyazi aakulu, mwana akakumbukira zimene adanena pamaso pa anzake, ndipo kawirikawiri nyengo yotsika imatsatira pomwepo, kotero miyezi yoyamba atatuluka m'chipatala ndi yofunikanso kumuyang'anira. Ngati mayeso a chaka chimenecho amupita, alembetse chaka chotsatira. Mphunzitsi mmodzi asankhidwe womusungira mankhwala ndi kumukumbutsa tsiku lobwerera kuchipatala, ndipo mwanayo aloledwe kukagona nthawi yake ngakhale anzake atatsala m'kalasi kuwerenga mpaka usiku.